Thumba la Mtedza Lisanakwere Sitima: Omwe Amaima Pakati pa Mlimi wa ku Salima ndi Msika Wakunja

Miyezi ya Meyi ndi Juni ikafika, munthu woyenda pa msewu wa M5 kuchoka pa Kamuzu Road kudzera ku Khombedza mpaka ku Benga amaona masikelo atapachikidwa m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, mavenda atakhala pa matumba, ndi amayi akubwera ndi zidebe za mtedza pamutu. Malonda a pamenepo satenga nthawi. Venda amatapa mtedza m'manja, nkuuyang'ana pang'ono, nkuupachika pa sikelo, ndalama nkuperekedwa. Palibe amene amafunsa kuti mtedzawo unakumbidwa liti, unaumitsidwa motani, kapena ngati makoko ake anawazidwa madzi usiku kuti afewe posenda. Koma mafunso omwe safunsidwa pa sikelo ya venda ndi omwewo amene wogula wa ku Ulaya amayambira, ndipo iye sakhutira ndi yankho la pakamwa: amafuna pepala lochokera ku labotale yomwe amaikhulupirira.

Anthu ambiri amaganiza kuti chotchinga chachikulu pa malonda akunja ndi msonkho. Kwa Malawi sizili choncho kwenikweni, chifukwa kuyambira mu 2001 mayiko a European Union amalola katundu wa mayiko osauka kwambiri kulowa popanda msonkho, kupatula zida zankhondo, ndipo m'mabungwe a SADC ndi COMESA namonso muli mapangano ochepetsa misonkho. Chipata chotsegulachi chili ndi mlonda wina, yemwe ndi miyezo ya ubwino ndi ukhondo wa chakudya. Miyezoyi ili pawiri. Pali malamulo a boma la dziko logula, omwe kawirikawiri amatsamira pa mfundo za Codex Alimentarius, bungwe lomwe FAO ndi WHO anakhazikitsa mu 1963, ndipo pangano la mu 1995 la WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, limalola dziko lililonse kukhwimitsa malamulo ake bola likhale ndi umboni wa sayansi. Ndiye pali zofuna za ogula eni ake, makamaka masitolo akuluakulu, omwe amawonjezera zawo pamwamba pa lamulo, monga chiphaso cha GlobalG.A.P. cha kalimidwe koyenera, cha Fairtrade cha malonda achilungamo kwa alimi, kapena cha HACCP cha ukhondo wa chakudya pa fakitale. Mlimi wa ekala imodzi ku Chinguluwe, m'boma la Salima, sanaziwerengepo zimenezi, komabe ndi zomwe zimagamula ngati thukuta lake lingabweretse ndalama zakunja kapena lithera pa msika wa m'mbali mwa msewu.

Pa mtedza, nkhani yonse yagona pa chuku. Chuku chomwe asayansi amachitcha Aspergillus flavus chimakhala m'nthaka nthawi zonse, ndipo chikapeza mpata m'mbewu chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamudziwa poizoniyu mu 1960, pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti amawononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa, ndipo mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga choipitsidwa nacho. Chovuta chake nchakuti poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Mtedza ukhoza kuoneka wosalala bwino koma uli naye.

Mlingo womwe European Union imalola pa mtedza wokonzeka kudyedwa ndi magawo 4 pa magawo 1 biliyoni, ndipo pa mtedza woti ukasankhidwanso ndi magawo 15, womwenso ndi mlingo wa Codex pa mtedza wokakonzedwa m'fakitale. Manambalawa samveka msanga mpaka munthu atawaika pa katundu weniweni. Kontena ya matani 20 ya mtedza wokonzeka kudyedwa siyenera kukhala ndi poizoni woposa mamiligalamu 80, kutanthauza kuti m'matumba 400 a makilogalamu 50 lililonse, poizoni yense akasonkhanitsidwa asafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu. Popeza poizoniyu safalikira mofanana, koma amaunjikana mu njere zochepa zowonongeka, matumba awiri kapena atatu a mlimi amene ananyowetsa mtedza wake akhoza kugwetsa katundu wa mudzi wonse. Katunduyo akakanidwa pa doko, mwini wake amalipira kuti abwezedwe kapena awonongedwe, ndipo dzina la dziko limalembedwa pa ndondomeko yochenjezana ya RASFF, yomwe mayiko onse a European Union amaiona.

Malawi anaphunzira zimenezi ndi ululu. M'zaka za m'ma 1970 ndi chiyambi cha m'ma 1980, mtedza wa Chalimbana, wa njere zikuluzikulu, unali ndi mbiri ku Ulaya, ndipo ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkaugula, kuusankha m'magiredi ndi kuutumiza kunja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 msikawo unagwa, ndipo chuku chinali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Malonda a mbewu atamasulidwa, ogula anachuluka, chomwe chinali chabwino mbali ina, koma ntchito yosankha mtedza pa malo amodzi inasowa mwini. Zambiri zomwe mabungwe akuchita lero ndi kuyesa kumanganso, mwa njira ina, dongosolo lomwe linaphwasuka nthawi imeneyo.

Ntchitoyi imayambira m'munda, ndipo kuno kunyanja kuli chifukwa chapadera. Chuku chimalowa mosavuta mu mtedza pomwe mbewu yapanikizika ndi ng'amba ndi kutentha kwa nthaka masabata omaliza isanakhwime. Salima ndi malo otsika ndi otentha, ndipo mvula imatha kudukiza mtedza usanamalize kukhwima. Nchifukwa chake ntchito ya malo ofufuzira zaulimi a Chitala, omwe ali m'boma lomwe lino, pamodzi ndi a Chitedze ku Lilongwe komwe kulinso bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT, ili ndi phindu pa malonda akunja ngakhale kuti ofufuzawo sagulitsa kanthu. Kafukufuku wawo anatulutsa mtundu wa mtedza wa CG7 mu 1990, kenako mitundu ina monga Nsinjiro, yopirira ku matenda a kadukutu, ndi Kakoma, Baka ndi Chitala, yomwe imacha m'miyezi itatu kapena inayi pomwe Chalimbana amafuna pafupifupi miyezi isanu. Mbewu yocha msanga imazemba ng'amba ya kumapeto kwa dzinja, ndipo ikazemba ng'amba yazembanso gawo lalikulu la chuku. Palinso Aflasafe, yomwe bungwe lofufuza zaulimi la IITA linapanga: ndi njere za mapira zokutidwa ndi chuku cha mtundu womwewo koma chosatulutsa poizoni, ndipo zikamwazidwa m'munda, makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, chuku chabwinocho chimalanda malo a choipacho.

Nzeru ya ku Chitala siifika yokha pakhomo la mlimi. Amaifikitsa ndi alangizi a zaulimi a pansi pa Salima ADD, ofesi ya zaulimi ya chigawo yomwe imayang'anira maboma a Salima ndi Nkhotakota kudzera m'madera a zaulimi monga Tembwe, Chipoka, Khombedza, Zidyana ndi Mwansambo. Mlangizi mmodzi amakhala ndi mabanja ochuluka kuposa omwe angawayendere, choncho ntchito yambiri imatsamira pa alimi achitsanzo, minda yachionetsero ndi mawailesi a m'madera ngati Nkhotakota Community Radio. Uthenga wawo ndi wosavuta kumva: kudzala ndi mvula yoyamba, kumanga ngonyeka kuti madzi asathawe m'mizere, kukumba mtedza utangokhwima osadikira kuti chiswe ndi mbewa ziboole makoko, kusamala kuti khasu lisateme mtedza, ndi kuumitsa bwino. Pa kaumitsidwe, alangizi amalimbikitsa mulu wotchedwa Mandela cock, momwe mtedza wosathothola umasanjidwa mozungulira, makoko ali mkati ndi masamba kunja, pakati nkusiya mpata woti mphepo izidutsa. Mtedza wothothola uyenera kuyanikidwa pa mphasa, pa lona kapena pa thandala, osati pa dothi, mpaka chinyontho chitsike kufika pa magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse.

Chizolowezi chovuta kuthetsa ndi chowaza madzi pa makoko asanasende. Sichichokera ku umbuli, monga ena amanenera. Aliyense amene anasendapo thumba lathunthu la mtedza wouma ndi manja amadziwa momwe zala zimasupukira, ndipo ntchitoyi kawirikawiri imagwera amayi ndi ana. Kumuuza mayi kuti asanyowetse mtedza popanda kumupatsa njira ina nkungomuwonjezera mtolo. Apa ndi pomwe kalabu kapena kopaletivi yomwe yagula makina osendera, kapena yomwe imagula mtedza wa makoko nkukasendera pa malo amodzi, imachita zambiri kuposa maphunziro khumi a pansi pa mtengo.

Gulu la alimi ndiye msana wa nkhani yonseyi, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Kuyezetsa mtedza ku labotale, kuitana woyendera kuti adzaone ngati malamulo a chiphaso akutsatidwa, ndi kudzaza kontena, zonsezi zimadula mofanana kaya katundu ndi wa munthu mmodzi kapena wa anthu mazana asanu. Mlimi wokolola matumba khumi sangazikwanitse payekha, koma kopaletivi yolembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la mu 1998 ikhoza kugawa mtengowo pa mamembala onse. Eni ziphaso nawonso anazindikira zimenezi, moti GlobalG.A.P., yomwe inayamba mu 1997 ndi dzina loti EurepGAP, ili ndi njira yopereka chiphaso chimodzi kwa gulu lonse. Gululo limayenera kukhala ndi oyendera akeake ndi mabuku osonyeza munda wa membala aliyense, mbewu yomwe anadzala, mankhwala omwe anapopera ndi tsiku lake, ndipo woyendera wochokera kunja amangosankha alimi ochepa mwa iwo kuti atsimikize kuti zolembedwazo nzoona. Thumba lililonse limakhala ndi nambala yolozera kwa mwini wake, kuti vuto likapezeka lidziwike komwe lachokera. Pamudzi zimenezi sizophweka, chifukwa kubweza thumba la malume kapena la amfumu pamaso pa anthu kumafuna mlembi wolimba mtima ndi malamulo omwe onse anagwirizana asanakolole.

Kuti zimenezi nzotheka, umboni uli ku Mchinji. Bungwe la alimi ang'onoang'ono la kumeneko, lomwe lili pansi pa NASFAM, linalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004 ndipo mtedza wake unayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku Britain. Chinathandiza sichinali chozizwitsa ayi, koma kuphunzitsa alimi, kugula mwa magiredi, kuyeza chuku pa magawo angapo katundu asananyamuke, ndi kukhala ndi wogula wodziwika mbewu isanadzalidwe. NASFAM, yomwe inayamba mu 1997, inaonetsa kuti alimi a maekala ochepa akhoza kufika pa muyezo wa ku Ulaya akakhala ndi bungwe losamala zolemba ndi zoyeza m'malo mwawo.

Katundu akasonkhanitsidwa, nkhani imafika m'manja mwa Malawi Bureau of Standards (MBS), bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Ntchito yake ndi kulemba miyezo ya dziko, kuyeza katundu m'malabotale, kuyendera mafakitale ndi kupereka chizindikiro chomwe timachiona pa mabotolo a chiponde ndi mapaketi a mpunga. Ndi bungwe lomwelonso lomwe limayang'anira masikelo, nkhani yomwe mlimi wa ku Salima imamukhudza tsiku lomwelo logulitsa. Pa malonda akunja, komabe, kuyeza pakokha sikukwanira. Wogula amafunsanso kuti labotale yoyezayo inavomerezedwa ndi ndani. Labotale imayenera kuyesedwa ndi bungwe loima palokha molingana ndi muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo m'chigawo chino ntchitoyo imagwiridwa ndi SADCAS, yomwe ili ku Gaborone. Popanda chivomerezo chotere, wogulitsa amakakamizika kutumiza zitsanzo ku malabotale a ku South Africa kapena ku Ulaya, kulipira ndi ndalama zakunja ndi kudikira masabata katundu ali m'nyumba yosungiramo. Nchifukwa chake boma linamanga malabotale atsopano a MBS ku Blantyre, ndipo European Union, UNDP ndi UNIDO anathandiza pa zipangizo ndi maphunziro.

Katapidwe ka chitsanzo nako nkofunika ngati kuyeza komwe. Popeza njere zoipa zimabisala mwa zabwino, malamulo a ku Ulaya amafuna kuti pa katundu wambiri atape pa malo 100 osiyanasiyana mpaka akwane makilogalamu 20, nkugaya, nkusakaniza, kenako nkuyeza. Amene watapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba loyamba nkupita nalo ku labotale amabwera ndi pepala looneka bwino lomwe lingamugwetse m'mavuto ku doko.

Mango akuonetsa mbali ina ya nkhaniyi, ndipo Salima ndi kwawo kwa mango. Chaka chilichonse zipatso zambiri za mitengo ya m'midzi zimaolera pansi chifukwa ndi za ulusi wambiri ndipo zimapsa nthawi imodzi. Kampani ya Malawi Mangoes, yomwe ili ndi minda ndi fakitale m'boma lino, yakhala ikugwira ntchito ndi alimi pomezanitsa mitengo yawo yakale ndi mitundu yofunika kunja monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, ndipo mango ake a mtundu wa Alphonso akhala akufika ku Mumbai mu Novembala ndi Disembala, nyengo yomwe India alibe ake. Pa chipatso chachiwisi mdani wamkulu ndi ntchentche za zipatso, makamaka Bactrocera dorsalis yochokera ku Asia, yomwe imaikira mazira pansi pa khungu. Dziko logula limaopa kulowetsa tizilombo m'minda yake, choncho limafuna chiphaso chotsimikiza kuti katundu alibe tizilombo ndi matenda. Kuno chiphasochi chimaperekedwa ndi nthambi ya kafukufuku mu Unduna wa Zaulimi, motsatira pangano la mayiko loteteza zomera la IPPC, ndipo oyendera ake amafuna kuona misampha ya ntchentche, ukhondo wa m'munda monga kutola ndi kukwirira zipatso zakugwa, ndiponso, komwe wogula walamula, kuti zipatso zaviikidwa m'madzi otentha. Koma mlimi akalimbana ndi ntchentchezo popopera mankhwala mosasamala, amagwa mu msampha wina, wa zotsalira za mankhwala, zomwe nazonso zili ndi malire. Pesticides Control Board ndi yomwe imalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno, ngakhale kuti mankhwala ololedwa kuno akhoza kukhala oletsedwa ku msika womwe katundu akupita, ndipo botolo lopanda chizindikiro logulidwa pa tsiku la msika palibe amene angalembe za ilo m'buku la kopaletivi.

Pa mpunga zinthu nzopepukirapo. Malo ofufuzira a Lifuwu ku Salima amasamala za mbewu, ndipo alimi a m'masikimu monga ya Bua ku Nkhotakota amalima mitundu yonunkhira ngati Kilombero ndi Faya. Wogula amayang'ana kuchuluka kwa mpunga wosweka, miyala, chinyontho ndi kusakanikirana kwa mitundu, zomwe zimakonzeka ndi mbewu yovomerezeka, malo oyanikira a simenti ndi chigayo chabwino.

Pali mabungwe enanso omwe ntchito yawo ndi ya mapepala ndi ndalama. Malawi Investment and Trade Centre imalumikiza ogulitsa ndi ogula akunja ndi kuwafotokozera zofunika pa msika uliwonse, MRA imaona za pa chipata cha dziko, mabanki amayendetsa fomu ya CD1 yotsimikiza kuti ndalama za malonda zibwerera m'dziko, ndipo pulojekiti ya AGCOM yothandizidwa ndi World Bank yakhala ikupereka ndalama kwa makopaletivi, omwe amasonkhako gawo lawo, zomangira nyumba zosungiramo mbewu ndi kugulira makina. Msika wa mbewu wa ACE unabweretsa malisiti a m'nyumba zosungiramo katundu: mlimi amasiya mbewu yake itayezedwa ndi kupatsidwa giredi, nkulandira lisiti lomwe angakongolere ndalama podikira mtengo wabwino.

Mwa maganizo anga, pamene unyolo wonsewu umadukira si pa labotale kapena pa chiphaso, koma pa mtengo. Mlimi amene waumitsa bwino, wasenda wouma ndi kuchotsa mphwephwa ndi njere zowola amatsala ndi thumba lopepuka, pomwe mnzake amene wawaza madzi nkusiya zonse momwemo amapita pa sikelo ndi thumba lolemera, ndipo venda amawalipira mtengo umodzi pa kilogalamu. Venda amalipiranso pompopompo, mwezi womwe sukulu ikufuna fizi, pomwe kopaletivi imadikira kuti wogula wamkulu alipire. Mtedza wambiri wa m'dziko muno umapita ku mayiko oyandikana nawo kudzera m'njira zomwe safunsa pepala la labotale, choncho venda sasowa kokagulitsa. M'mikhalidwe yotere, membala wogulitsa matumba ake kumbali sakuchita zopusa. Kopaletivi yomwe ilibe ndalama zolipirira gawo loyamba tsiku lolandira katundu, kapena yomwe silekanitsa mtengo wa giredi yoyamba ndi wa giredi yachiwiri, imaphunzitsa alimi chaka chonse kuti phindu la maphunzirowo likathere pa sikelo ya pansi pa mtengo.

Palinso funso la mtedza wotsala posankha. Njere zomwe zachotsedwa kuti kontena ipambane mayeso ndi zomwe zili ndi poizoni wambiri, ndipo kawirikawiri sizitayidwa. Zimagulitsidwa motsika mtengo pa msika wa pafupi, zimasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera nkhwani ndi phala la ana, kapena zimalowa mu chiponde chosalembetsedwa. Motero kusankha mtedza wa ku Ulaya kukhoza kuunjika chuku m'mbale za ana a alimi omwewo amene anaulima. Ndondomeko ya dziko yolimbana ndi aflatoxin, ya MAPAC, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013, inaika nkhani ya umoyo pamodzi ndi ya malonda pa chifukwa chimenechi. Njira imodzi yodziwika ndi kugula mtedza wotsalawo padera nkuuyenga mafuta, popeza mafuta oyengedwa bwino m'fakitale amatsala ndi poizoni wochepa kwambiri. Poizoniyo amatsalira m'zotsalira zofinyidwazo, zomwe siziyenera kupita kwa ng'ombe za mkaka kapena nkhuku zisanayezedwe, chifukwa mwa ng'ombe amadutsa mpaka mu mkaka. Kopaletivi ya ku Tembwe kapena ku Mwansambo yomwe ikukambirana ndi wogula wakunja iyenera, pa msonkhano womwewo, kudziwa kuti matumba a giredi yotsika adzatengedwa ndi ndani, pa mtengo wanji, ndipo adzapita kuti.